Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Mvula ikamalekeza, cha m'Malichi ndi mu Epulo, madzi amatsala ali chete m'malo ambiri mu Lilongwe muno. Amatsala m'maenje amene anthu anaumbamo njerwa ku Chinsapo ndi ku Area 25, m'ngalande zotsekeka za ku Kawale ndi ku Biwi, m'zithaphwi za ku Mgona ndi ku Area 23, ndiponso m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi. Ana akaweruka kusukulu amathamangira komweko kukasambira ndi kukawedza timatemba. Amayi amachapa, anyamata amatsuka njinga, alimi a ndiwo zamasamba amatunga ndi makheni. Tonsefe timadziwa kuti madzi oterewa amaswa udzudzu. Koma muli kanthu kena kamene sitikatchula kawirikawiri, chifukwa sikalira ndipo sikaluma: kankhono kam'madzi, kochepa ngati njere ya nyemba.

Mwezi uno nkhani yathu ndi ya kankhono kameneka. Ikukhudza mabanja ochepa amene amasunga nsomba zokongoletsa m'thanki lagalasi pabalaza, amene tsiku lina amangodzuka n'kupeza galasi lonse lili tinkhono tokhatokha. Ikukhudzanso amene anakumba damu la nsomba kudimba. Koma makamaka ikukhudza kholo lililonse limene mwana wake amaponda madzi a kudambo, pakuti nkhono zina zam'madzi ndizo zimalera tizilombo ta likodzo. Chimene chimachulukitsa nkhono m'thanki la pabalaza n'chomwecho chimene chimazichulukitsa m'dzenje la kuseri kwa nyumba, ndipo njira zozichepetsera sizisiyana kwenikweni.

Si nkhono iliyonse

Tiyambe ndi kuichotsera mlandu nkhono yaikulu ya kumtunda, ija imatuluka mvula ikagwa n'kumadya mpiru ndi kabichi m'dimba. Imeneyo imaononga mbewu, koma likodzo ilibe nalo gawo. Nkhono za likodzo ndi zazing'ono ndipo zimakhala m'madzi opanda mchere, odekha kapena oyenda pang'onopang'ono, momwe muli udzu, ndere ndi masamba owola.

Kuno kwathu zilipo za mitundu iwiri. Woyamba akatswiri amautcha Bulinus. Chigoba chake n'chonenepa pang'ono, ndipo mukachiimika nsonga ili m'mwamba, khomo lake likuyang'ana kwa inu, khomolo limakhala kumanzere. Mtundu uwu ndiwo umalera likodzo la m'chikhodzodzo, lija limakodzetsa magazi. Wachiwiri ndi Biomphalaria. Chigoba chake n'chophwatalala, chozungulira ngati nkhata yaing'ono, ndipo umalera likodzo la m'matumbo.

Palinso zina zofanana nazo zimene sizifalitsa likodzo. Kankhono kotchedwa Physa, kamene kamavutitsa kwambiri osunga nsomba m'mathanki agalasi padziko lonse, nakonso khomo lake lili kumanzere, ndipo ngakhale ophunzira amayamba aonetsetsa asanakasiyanitse ndi Bulinus. Choncho sitikunena kuti aliyense akhale katswiri wosiyanitsa zigoba. Lamulo losavuta nali: madzi a kudambo, a m'dzenje kapena a mumtsinje amene muli tinkhono, tiwayese okayikitsa, ndipo tinkhono take tisatigwire ndi manja.

Nkhono zimenezi zimaswana modabwitsa. Iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, moti ngakhale itatsala imodzi yokha ikhoza kuyambitsa mtundu. Imaikira mazira m'timagulu tooneka ngati mamina, kunsi kwa masamba, pa timitengo, pa miyala ndi pa majumbo otayidwa m'madzi. Mazirawo amaswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pakangopita mwezi umodzi kapena iwiri anawo ayamba kuikira awo. Chilimwe chikafika madzi n'kuphwa, zina zimalowa m'matope n'kukhala chete mpaka mvula ina. N'chifukwa chake dzenje limene linali gwa mu Okutobala limapezeka lili ndi nkhono mu Januwale.

Nkhono sibadwa ndi likodzo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nkhono imabadwa yopanda matenda. Amene amaipatsa likodzo ndi munthu.

Munthu wodwala likodzo akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, kapena pamtunda pamene mvula idzakokolole, amatulutsa mazira a nyongolotsi osaoneka ndi maso. Mazirawo akakhudza madzi amaswa, ndipo kachilombo kotulukamo kamasambira kufunafuna nkhono. Kakapanda kuipeza tsiku lomwelo kamafa. Kakaipeza kamalowa m'thupi mwake n'kuyamba kuchulukana, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono, nkhono ija imayamba kutulutsa tizilombo tambirimbiri ta michira, tsiku ndi tsiku, makamaka dzuwa likakwera. Timeneti ndito timafuna munthu. Sitidikira chilonda. Timaboola khungu labwinobwino m'mphindi zochepa, pamene mwana akusambira kapena mayi akutsukuluza zovala. Tikapanda kupeza munthu timafa pasanathe masiku awiri.

Tikalowa m'thupi timayenda ndi magazi, timakula n'kukhala nyongolotsi zazimuna ndi zazikazi, ndipo timakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo. Kumeneko zimakhala zaka zitatu, zisanu, nthawi zina kuposerapo, zikuikira mazira tsiku lililonse. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi. Ena amakanirira m'minofu, ndipo amenewa ndiwo amadwalitsa.

Zinatenga nthawi kuti anthu atulukire zimenezi. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anaona nyongolotsizi mu 1851 akugwira ntchito pachipatala china ku Cairo. Koma zoti nkhono ndiyo ili pakati zinadziwika patapita zaka zoposa 60: ku Japan mu 1913, ndipo ku Egypt mu 1915, pamene Robert Leiper anaonetsa kuti mitundu iwiri ya likodzo ili ndi nkhono zakezake. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 anthu oposa 250 miliyoni ankafunika kulandira mankhwala a likodzo, ndipo ochuluka zedi mwa iwo ali mu Africa muno.

Tikamvetsa ulendo umenewu, tiona kuti zambiri zimene timamva n'zopanda maziko. Likodzo silibwera chifukwa chodya nzimbe, kudya nsomba, kapena kugwirana chanza ndi wodwala. Munthu sapatsira mnzake mwachindunji, ngakhale m'banja. Pamafunika zitatu pamodzi: munthu woipitsa madzi, nkhono, ndi munthu wolowa m'madziwo. Chimodzi chikachoka, matenda aima.

Mmene limaonekera pakhomo

Chizindikiro chodziwika ndi magazi mumkodzo, makamaka timadontho ta kumapeto. M'madera ena anthu anazolowera kuona zimenezi mwa anyamata mpaka kumati ndi chizindikiro cha kukula. Si kukula ayi, ndi chilonda cha m'chikhodzodzo. Mwana wotere amataya magazi pang'onopang'ono, amatopa msanga, amawodzera m'kalasi ndipo sakula bwino. Ana ambiri amabisa chifukwa cha manyazi kapena kuopa kukalipiridwa kuti anapita kudambo. Kholo lofunsa mofatsa limamva zambiri kuposa kholo logwira mkwapulo.

Likodzo likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. La m'matumbo limayamba ndi kupweteka m'mimba ndi chimbudzi cha magazi, kenako chiwindi chimauma, kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo ena amafika posanza magazi.

Pali mbali ina imene mabanja sakambirana. Mwa atsikana ndi amayi, mazira aja amakhoza kukanirira m'njira ya chiberekero. Zotsatira zake ndi kuyabwa, chikazi chachilendo, kupweteka kapena kutuluka magazi pokhala malo amodzi, nthawi zina ngakhale kuvutika kutenga pathupi. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndipo mtsikana wosalakwa akhoza kunenedwa zachabe, mayi wokhulupirika n'kukayikiridwa ndi mwamuna wake, chonsecho gwero lake ndi madzi amene ankachapamo ali wamng'ono kumudzi. Abambo nawo amatha kuona magazi mu umuna. Tisanalozane zala, tiyeni tikayezetse, ndipo timuuze dokotala za madzi amene takhala tikulowamo.

Zimene zinachitika ku Chembe

Kwa zaka zambiri magombe amchenga a nyanja ya Malawi ankadziwika kuti alibe likodzo, kupatula m'malo a mabango ndi m'matamanda a m'mbali. Koma kuyambira cha m'ma 1980 zinthu zinasintha ku Chembe, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Ana ambiri a m'mudzimo anayamba kupezeka ndi matendawa, ndipo alendo osambira pagombe ankabwerera kwawo atatenga.

Ofufuza, mwa iwo Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, anapeza kuti nkhono ina ya m'nyanja momwemo, Bulinus nyassanus, imene imakhala mumchenga, inali itachuluka kwambiri m'madzi osaya. Anaonanso kuti nsomba zodya nkhono, makamaka mtundu wotchedwa Trematocranus placodon, umene uli ndi mano apakhosi ophwanyira zigoba, zinali zitachepa m'malo omwewo chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokedwa m'mphepete. Alonda atachoka, nkhono zinapeza ufulu.

Mu 2017 kunatulukiranso china. Ofufuza a sukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anapeza nkhono za Biomphalaria m'magombe a ku Mangochi, kumene sizinkadziwika kale, ndipo posakhalitsa ana a sukulu a m'derali anapezeka ndi likodzo la m'matumbo. Ku Senegal nako, damu la Diama litamalizidwa mu 1986, nkhanu zam'mtsinje zimene zinkadya nkhono zinasowa njira yokwerera kumtunda, udzu wam'madzi unachuluka, ndipo m'zaka zochepa tauni ya Richard Toll inagwidwa ndi mliri waukulu wa likodzo.

Nkhani zonsezi zikutiuza chinthu chimodzi. Nkhono zimachuluka pamene zapeza chakudya, pobisala, ndi pamene chozidya chachoka. Aliyense wofuna kuzichepetsa ayambire pa zitatuzi.

Thanki lagalasi la pabalaza

Nsomba za m'nyanja yathu, makamaka mbuna za mawangamawanga, zimasungidwa m'mathanki agalasi m'maiko ambiri, ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima. Kuno ku Lilongwe timaziona m'mahotela, m'maofesi ndi m'nyumba zina. Amene amazisunga amadziwa kuti nkhono sizichita kuitanidwa. Zimabwera ngati mazira omatirira pa udzu wam'madzi, pa miyala kapena mumchenga umene mwagula kapena kutola.

Tinkhono tiwiri titatu si vuto, timathandiza kudya ndere ndi zotsalira. Tikachuluka ndiye kuti tikukuuzani kanthu: chakudya chikuchuluka m'thankimo. Choyamba ndi kuchepetsa dzanja. Nsomba zipatsidwe chimene zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo chotsala chichotsedwe. Masamba owola adulidwe, zinyalala za pansi zikokedwe ndi kapaipi, ndipo sabata iliyonse muchotse gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena. Madzi a pampopi ayambe akhala m'ndowa tsiku lathunthu kuti klorini achepe, chifukwa amapweteka nsomba.

Chachiwiri ndi msampha. Madzulo ikani pansi pa thanki tsamba la kabichi kapena letesi lofewetsedwa pang'ono m'madzi otentha, mulitsindike ndi kamwala. M'mawa mulipeza lakutidwa ndi nkhono. Lichotseni pamodzi nazo, ndipo bwerezani masiku angapo. Mazira amene ali pagalasi apalidwe ndi kakhadi kapulasitiki. Udzu watsopano usalowe m'thanki tsiku lomwelo. Uyambe wakhala m'beseni lapadera sabata ziwiri kapena zitatu, kuti ngati muli mazira aswere momwemo.

Mankhwala ophera nkhono m'thanki sitikuwalimbikitsa. Ambiri ali ndi kopa, amene amatha kudwalitsa nsomba, ndipo nkhono zambiri zikafa nthawi imodzi zimawola n'kuononga madzi onse.

Nanga likodzo? Nkhono yobadwira m'thanki, imene sinakumanepo ndi mkodzo kapena chimbudzi cha munthu, singapatse aliyense matendawa. Choopsa ndi nkhono yotoledwa kunyanja kapena kudambo, imene ikhoza kubwera ili kale ndi tizilombo. Choncho ana akabwera ndi timatemba m'botolo kuchokera kumtsinje, kapena mukabwera ndi miyala ndi mchenga kuchokera ku Salima, chenjerani. Miyala ndi mchenga ziwiritsidwe kapena ziyanikidwe padzuwa mpaka kuuma kotheratu, ndipo nkhono zotola zisalowe m'nyumba.

Chomaliza: za m'thanki zisathere mumtsinje. Nkhono zimene mwachotsa zithirani madzi owira n'kuzikwirira. Madzi akale thirirani maluwa kutali ndi ngalande. Namasupuni, amene lero amatseka mtsinje wa Shire n'kuvutitsa makina opangira magetsi, kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankamukonda ngati duwa lokongoletsa maiwe. Chotayidwa mosasamala lero chimadzakhala mtolo wa dziko lonse.

Damu la nsomba ndi dimba

Ulimi wa nsomba ndi wabwino, umabweretsa ndiwo ndi ndalama. Koma damu losasamalidwa limasanduka khola la nkhono, ndipo amene amalowamo ndi ana athu omwe.

Nkhono zimakonda m'mphepete mosaya momwe muli udzu. Choncho damu likhale lakuya pafupifupi mita imodzi, m'mbali mwake musakhale malo aakulu a madzi ofika m'kakolo, ndipo udzu wa m'mphepete uzimwetedwa pafupipafupi. Polowera madzi pakhale sefa wa maso ang'onoang'ono. Madeya aperekedwe mwa muyezo, pakuti otsala amadyetsa nkhono, monga momwe zimakhalira m'thanki lagalasi. Chilunguni chimadya udzu wam'madzi, motero kuchisakaniza ndi makumba kapena chambo kumathandiza kuchepetsa pobisala nkhono.

Mukakolola nsomba, phwetsani damu lonse, palani matope a pamwamba n'kukawamwaza kumunda, ndipo lisiyeni padzuwa mpaka pansi pachite ming'alu. Kuwaza laimu kumapha nkhono zotsala ndiponso kumakonza nthaka ya damulo. Za muyezo wake funsani alangizi a zansomba a m'boma lanu. Ukatswiri umenewu ulipo m'dziko muno, ku koleji ya Bunda ndi ku malo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba ku Domasi.

Koma choposa zonsezi ndi chimbudzi. Dimba lililonse limene anthu amatandalako tsiku lonse liyenera kukhala ndi chimbudzi, chokumbidwa pamtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pamadzi, pamalo pamene madzi a mvula sangakokololere m'damu kapena m'chitsime. Aganyu ndi ana auzidwe momveka kuti m'damu, mumtsinje ndi m'ngalande sakodzamo. Nkhono chikwi zopanda tizilombo sizidwalitsa munthu, koma mnyamata mmodzi wodwala akakodzamo, damu lonse laipa. Wothirira ndi wokolola nsomba avale jombo za mphira, ndipo pozula udzu avale magolovesi.

Tikuchenjezanso za njira zachidule. Ena amathira katupe, mankhwala a mbewu kapena oyilo wakutha m'madzi kuti aphe nkhono. Zimenezi zimapha nsomba ndi achule, zimaipitsa zitsime zapafupi, ndipo nkhono zobisala m'matope zimatsala. Alipo mankhwala ovomerezeka otchedwa niclosamide, koma nawonso amapha nsomba, ndipo ndi ntchito ya a zaumoyo ophunzitsidwa, osati ya munthu payekha.

Maenje ndi ngalande za m'dera lathu

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Dzenje la njerwa limene lili pakati pa nyumba khumi si la munthu mmodzi, ndipo ana osambiramo ndi a tonsefe. Maenje otere, kuwonjezera pa nkhono ndi udzudzu, amamizanso ana. Amene anaumba njerwa akumbutsidwe kukwirira, ndipo ngati anachoka kale, amfumu a m'dera, khansala ndi alangizi a zaumoyo angathandize kusonkhanitsa anthu. Zidutswa za njerwa, dothi ndi phulusa zimakwanira. Zinyalala za pulasitiki si zokwirira nazo dzenje la madzi, chifukwa majumbo ndi mabotolo ndiwo malo amene nkhono zimakonda kuikirapo mazira.

Ngalande zitsegulidwe kuti madzi aziyenda, pakuti nkhonozi sizipirira madzi othamanga. Pamadooko pamene anthu amachapa ndi kutunga, udzu wam'madzi uzulidwe ndi reki, munthu ataima pamtunda kapena atavala jombo. Ku Senegal ofufuza anayesa njira imeneyi m'midzi ingapo, ndipo zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2023, zinaonetsa kuti nkhono zinachepa, ana otenga likodzo la m'matumbo anachepa, ndipo udzu wozulidwawo unasanduka manyowa ndi chakudya cha ziweto. Ife amene timadandaula ndi mtengo wa feteleza tingaphunzirepo kanthu. Udzuwo uunjikidwe pamtunda, kutali ndi madzi, kuti nkhono zouma nawo zisabwerere.

Ntchito imeneyi si ya tsiku limodzi. Chigawo cha Yamanashi ku Japan chinalimbana ndi likodzo zaka zoposa 100. Anthu ankatola nkhono, anawaka ngalande za m'minda ndi simenti, anasintha kasamalidwe ka zimbudzi, ndipo mu 1996 analengeza kuti matendawa atha. Sizinatheke ndi mankhwala okha, koma ndi khama la mibadwo itatu kapena inayi.

Zoyenera kuchita pakhomo

Madzi a pampopi, a pakiyosiki ndi a pamjigo alibe likodzo. Vuto limabwera madzi akasiya kutuluka kapena ndalama ya pakiyosiki ikasowa, banja n'kutembenukira kumtsinje kapena kuchitsime cha kudambo. Zikatero, kumbukirani kuti tizilomboti sitikhala moyo nthawi yaitali kunja kwa nkhono. Madzi osamba ndi ochapira akatungidwa n'kusungidwa m'chidebe chovindikira masiku awiri athunthu, mopanda nkhono, amakhala opanda chiopsezo cha likodzo. Kuwatenthetsa mpaka atawira, kapena kuthiramo WaterGuard monga mwa malangizo ake n'kudikira mphindi 30, kumathandizanso. Akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala nthawi zonse, chifukwa muli matenda ena monga kolera amene safa ndi kusunga chabe.

Makanda asasambitsidwe ndi madzi ongotunga kumene kudambo, ndipo asakhazikidwe m'beseni m'mphepete mwa mtsinje pamene mayi akuchapa. Ana aang'ono nawonso amatenga likodzo. Ngati n'kotheka, tungani madzi n'kukachapira pamtunda kusiyana ndi kuima m'madzi maola awiri. Munthu akagwera m'madzi okayikitsa adzipukute msanga ndi thaulo, ngakhale kuti kutero si chitetezo chodalirika.

Kuletsa mwana kusambira mu Okutobala n'kovuta, tonse tikudziwa. Kumufotokozera ulendo wa kachilomboka kumathandiza kuposa kungomuopseza. Mwana amene wamvetsa kuti mkodzo wake ungadwalitse mnzake amasanduka mphunzitsi wa anzake.

Nkhaniyi ikufikanso kumpingo. Pokonza ubatizo, damu la patchalitchi lodzazidwa ndi madzi a pampopi ndilo lopanda nkhawa. Ngati madzi ake achokera kumtsinje, adzazidwe masiku awiri tsikulo lisanafike, ndipo asefedwe kuti nkhono zisalowe. Kumene kulibe damu lotere, akulu a mpingo afunse alangizi a zaumoyo za malo amene asankha, poganizira makamaka abusa ndi madikoni amene amaima m'madzi nthawi yaitali. Atsogoleri a achinyamata amene amapita ndi ana kukagona kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi awauze makolo kuti anawo analowa m'madzi. Madzi oyera mbee si umboni woti mulibe tizilombo.

Kuchipatala

Likodzo limachizika. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Kusukulu amagwiritsa ntchito ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe chiwerengero cha mapiritsi. Unduna wa Zaumoyo umagawa mankhwalawa m'sukulu za pulayimale nthawi ndi nthawi, ndipo makolo ena amaletsa ana awo chifukwa cha mphekesera. Zoona zake n'zakuti mapiritsiwa ndi akuluakulu ndi owawa, ndipo amatha kuchititsa chizungulire, nseru kapena kupweteka m'mimba kwa maola ochepa, makamaka mwana akamwa ndi njala. Tsiku logawa, mwana adye phala kapena nsima mokwanira asanapite. Amene ali ndi matenda a khunyu, kapena mayi woyembekezera, auze a zaumoyo asanamwe kuti amulangize bwino.

Amene waona zizindikiro asadikire tsiku la kusukulu. Apite kuchipatala chapafupi, kaya ku Kawale, ku Area 25, ku Bwaila kapena ku Likuni, akayezetse. Mazira amatuluka ambiri mumkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, choncho imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoperekera mkodzo. Amene wangolowa m'madzi okayikitsa dzulo adziwe kuti mankhwalawa sagwira bwino tizilombo tisanakhwime. Kuyezetsa kumathandiza pakatha miyezi iwiri kapena itatu, pokhapokha ngati wayamba kutentha thupi, pamene ayenera kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Tisagule mapiritsi ongoyerekeza pamsika, ndipo magazi mumkodzo wa munthu wamkulu asangotengedwa kuti ndi likodzo popanda kuyeza, popeza pali matenda ena oyamba chimodzimodzi.

Mankhwala amapha nyongolotsi zimene zili m'thupi, koma satchinga zatsopano. Mwana wochira akabwerera m'dzenje lomwe lija, atenganso. N'chifukwa chake piritsi, chimbudzi ndi khasu ziyenera kuyendera limodzi.

Sabata ino tiyeni tichite zitatu. Tiyende mozungulira nyumba ndi dimba lathu, tione pamene madzi aima, ndipo titembenuze tsamba kapena jumbo ndi kamtengo kuti tione chili kunsi. Tikhale pansi ndi ana athu, mmodzimmodzi, tiwafunse mofatsa za mtundu wa mkodzo wawo ndi kumene amasambira. Kenako tilankhule ndi anansi za dzenje lija takhala tikulilambalala chaka chonse, tipangane tsiku lolikwirira mvula ina isanabwere.